KODI NZERU ZA CUMA ZINGAYENDE POPANDA CIKUMBUMTIMA?

Masiku ano akatswiri a za cuma ali kudandaula ndi maphunziro ao omwe. M'caka ca 2008, mabanki akuru a ku America ndi ku Ulaya atagwedezeka, Mfumukazi Elizabeth II anafunsa anzeru a ku London School of Economics cifukwa cace panalibe munthu anaona tsokalo lirinkudza. M'caka ca 2024 Angus Deaton, amene analandira mphotho ya Nobel mu 2015, anabvomera poyera kuti iye ndi anzace analeka kufunsa za cabwino ndi coipa, nayesa ndalama ngati muyeso wa moyo wabwino. Mmalawi wina, Thandika Mkandawire, amene anamwalira mu 2020, anali atadzudzula kale malangizo opatsidwa ku maiko a mu Africa mosayang'ana mbiri ndi umoyo wa eni ace.

Mlimi wa kwa Zulu, ku Mchinji, angayese kuti mkangano umenewu ndi wa anthu ophunzira okha. Koma mlandu wace unagwera pa nkhokwe yace. Kuyambira 1981 Malawi anatsata malangizo a World Bank ndi IMF. Mu 1987 anthu wamba analoledwa kugula mbeu kwa alimi, misika yambiri ya ADMARC nitsekedwa, ndipo pambuyo pace thandizo locepetsa mtengo wa feteleza linacotsedwa. Pofika 2001 alangizi anati cimanga cosungidwa m'nkhokwe za dziko cicepetsedwe kuti ngongole ibwezedwe. Osunga nkhokwezo anagulitsa pafupifupi conse. Kumayambiriro a 2002 njala inagwa, ndipo Mchinji anali mwa maboma osautsidwa koposa. Yosefe m'dziko la Farao anasunga dzinthu m'zaka za mwana alirenji. Ici ndico cinaiwalika.

Pamenepa pali funso la cilungamo. Mlangizi akalakwa amalemba buku lina, nakonza maganizo ace. Koma mai amene anaika mwana wace m'manda caka ca njala alibe cokonza. Wopereka nzeru ndi wina, wosenza zotsatira zace ndi wina. Cifukwa cace munthu wolangiza dziko sangathe kunena kuti iye amangowerenga manambala, ndi kuti zabwino ndi zoipa nza ansembe. Kusankha cinthu coyenera kuwerengedwa ndi nchito ya cikumbumtima kale.

Komatu kunyoza maphunziro amenewa kungakhalenso kupusa. Mu 2005 Bingu wa Mutharika, amenenso anali katswiri wa za cuma, anabwezera thandizo la feteleza, ndipo cimanga cinacuruka mu 2006 ndi 2007. Koma amene anacenjeza kuti nchitoyo idzadya ndalama zambiri za boma, ndi kuti makuponi ena adzagwa m'manja mwa akuba, sananame ai. Cifundo cosawerenga cimathera m'ngongole, ndipo ngongoleyo amalipira ndi wosauka yemweyo, monga anaonera anthu pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembara 2023. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Colakwa ndi kumeta mutu osafunsa mwini wace.

Eklezia sanadzitame kuti adziwa mtengo woyenera wa thumba la mtedza. Cimene aphunzitsa kuyambira kalata ya Papa Leo XIII ya 1891, Rerum Novarum, ndi ya Papa Paulo VI ya 1967, Populorum Progressio, ndi cakuti cuma ciyenera kutumikira munthu yense ndi anthu onse. Aepiskopi a m'Malawi anakumbutsa zomwezo m'kalata yao ya pa Lenti ya 1992, podandaula kuti olemera ndi osauka ali kunka natalikirana. Cotero kudandaula kwa akatswiri ndi cizindikiro cabwino, pakuti wozindikira kulakwa kwace wayamba kale kucira.

Ndipo phunziro limeneli silikhudza a ku Washington okha. Wogula soya ndi sikelo yabodza, wokongoza mnansi ndalama za katapila mwezi wa njala, bambo wogulitsa cimanga conse nthawi yokolola ana natsala ndi nkhokwe yopanda kanthu, onsewa awerenga phindu naiwala munthu. Akatekisti acita bwino kukamba zimenezi m'miphakati, kuti Akristu adziwe kuti lamulo lacisanu ndi ciwiri ligwira nchito ndi pa msika pomwe.