Kodi wodziwa kulawa angakhale chidakwa?

Ku America, m'chigawo cha Kentucky, kuli tauni yaing'ono yotchedwa Bardstown. Okonda mbiri ya Mpingo amaidziwa chifukwa m'chaka cha 1808 inakhala likulu la dayosizi, nthawi imodzi ndi Boston, New York ndi Philadelphia, ndipo episkopi wake woyamba anali Benedict Joseph Flaget. Koma alendo ambiri amene amafika kumeneko lero satsata zimenezo. Amatsata mowa wotchedwa bourbon, umene umatchezedwa m'mafakitale ozungulira tauniyi. Mbiri ziwirizi ndi zolukana. Basil Hayden, amene anatsogolera mabanja a Chikatolika kuchoka ku Maryland kupita ku Kentucky m'chaka cha 1785, ankatcheza mowa, ndipo mpaka pano pali bourbon wa dzina lake. Chapafupi pomwepo pali nyumba ya amonke ya Gethsemani, kumene Thomas Merton analowa m'chaka cha 1941. Amonke akumeneko amapeza thandizo pogulitsa makeke ndi maswiti othira bourbon.

Masiku ano pali anthu amene anasandutsa whiskey kukhala chinthu chophunzira pa nthawi yawo yopuma, monga ena achitira ndi mpira kapena maluwa. Amagula mabotolo osiyanasiyana, amathira pang'ono m'tambula yopapatiza kukamwa, amanunkhiza, amalawa, nalemba m'kope zimene amva. Chizolowezichi chinayamba kutali, koma mabotolo ake amapezeka m'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe ndi Blantyre, ndiponso m'zikwama za obwera kuchokera ku Johannesburg. Munthu wotere akafunsidwa amayankha kuti iye samwa, amangolawa. Funso ndi lakuti, kodi kudziwa mowa kumamuthandiza munthu kudziletsa, kapena ndi uchidakwa womwe uja utavala jekete?

Chilungamo chake n'chakuti pali zenizeni zoti munthu n'kuphunzira. Lamulo la ku America limati mowa ungatchedwe bourbon pokhapokha ngati magawo osachepera 51 pa 100 a mbewu zake ali chimanga. Zotsalazo kawirikawiri zimakhala rye kapena tirigu, ndi chimera cha balere. Ukatchezedwa umasungidwa m'migolo yatsopano ya mtengo wa oak yowauka mkati ndi moto, ndipo saloledwa kuthiramo chilichonse chosintha mtundu kapena kakomedwe. Mowawo umalowa mu mgolo uli woyera ngati madzi. Kufiira kwake, ndi fungo lija lokhala ngati vanila ndi shuga wopserera, zimachokera m'thabwa. Nyengo ikatentha mowa umalowa m'thabwalo, kukazizira umabwerera, chaka ndi chaka. Pa botolo pakalembedwa kuti straight, ndiye kuti wakhala mu mgolo zaka zosachepera 2.

Ku Scotland lamulo ndi lina. Whisky wakumeneko ayenera kukhala mu mgolo zaka zosachepera 3, ndipo wotchedwa single malt amapangidwa ndi chimera cha balere chokha pa fakitale imodzi. Popeza a ku Kentucky sangagwiritsenso ntchito mgolo kachiwiri popanga bourbon, migolo yambiri imawoloka nyanja n'kukasungira whisky wa ku Scotland. Pa chilumba cha Islay, mafakitale ngati Laphroaig ndi Lagavulin amagwiritsa ntchito chimera choumitsidwa ndi utsi wa dothi lakuda la m'madambo lotchedwa peat, ndipo whisky wake amanunkha utsi moti woyamba kumene amaganiza kuti wapatsidwa mankhwala. Chaka chilichonse pafupifupi magawo 2 pa 100 a mowa wa mu mgolo amauluka, ndipo eni ake amati limenelo ndi gawo la angelo. Ngakhale kalata yakale kwambiri yotchula za whisky ku Scotland, ya chaka cha 1494, imanena za chimera chimene chinaperekedwa kwa munthu wa m'chipani cha Mpingo, John Cor.

Munthu amene waphunzira kusiyanitsa zonsezi sakunama akamati akumva chinachake chimene ena sakumva. Lilime ndi mphuno zimaphunzira monga khutu liphunzirira kuzindikira liwu limene laphonya mu kwaya. Ndipo chiphunzitso cha Mpingo sichinanenepo kuti kukoma ndi tchimo. Thomas Aquinas Woyera, polemba za kudziletsa, anaika malire mbali ziwiri. Mbali imodzi kuli wosadzigwira. Mbali inayo kuli munthu wokana zokoma zonse ngati kuti zimene Mulungu analenga ndi zonyansa, ndipo iyenso anamuwerengera kuti walakwa. Pa ukwati wa ku Kana, amene anazindikira kuti vinyo wachiwiri akuposa woyamba anali mkulu wa phwando, munthu wodziwa kulawa. Mlaliki Yohane sanamudzudzule. Anamusandutsa mboni.

Pali umboni winanso wokomera wolawayo. Amene akufuna kumva fungo la thabwa sangagugudize. Amamwa pang'onopang'ono, nthawi zina amadonthezamo madzi, ndipo amadziwa kuti akafika toti yachitatu kapena yachinayi lilime limachita dzanzi, zonse zimayamba kufanana. Luso lenilenilo limamuuza kuti asiye. Pamenepo kudziwa ndi kudziletsa zimayendera limodzi.

Koma chiwindi sichiwerenga zolemba za pa botolo. Bourbon saikidwa m'botolo ndi mphamvu yochepera magawo 40 pa 100, ndipo mitundu ina imene akatswiri amailimbirana, yotungidwa mu mgolo osasungunula, imapitirira 60. Toti ya mamililita 44 ya whiskey wa 40 ili ndi mowa wofanana ndi botolo la biya la mamililita 355, ndipo botolo la mamililita 750 lili ndi matoti otere pafupifupi 17. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 2.6 miliyoni anafa chifukwa cha mowa, ndipo m'chaka cha 2023 linanena kuti palibe muyeso wa mowa umene ungatchedwe wosavulaza thupi konse. Chopweteka m'thupi ndi chimodzimodzi, kaya chachokera ku Kentucky kapena kuseri kwa nyumba.

Ndipotu bourbon ndi kachasu ndi pachibale, ngakhale eni mabotolo sakonda kumva zimenezi. Zonse zimayambira pa chimanga, wina ufa wake wina madeya, zonse zimasasitsidwa, zonse zimatchezedwa pa moto nthunzi yake n'kuiziziritsa. Kusiyana kulipo ndithu. Wa ku fakitale amayeza, amapatula madontho oyamba amene ali ndi zinthu zoipa, amadikira zaka. Koma kusiyana kumeneku kumakhudza mowa, osati womwayo. Pamene boma linaletsa mowa wa m'masacheti, ambiri anaombera m'manja chifukwa ankaona ana asukulu ndi anyamata a m'madepoti akuonongeka poyera. Bambo womwa theka la botolo la single malt usiku uliwonse m'chipinda chochezera, geti litatsekedwa, palibe amene amamuona. M'mawa amavala tayi, matsire n'kuwabisa ndi khofi. Mwina vuto lake ndi lalikulu kuposa la mnyamata wa kudepoti, pakuti mnyamatayo aliyense amamutchula dzina loyenera, pamene bamboyo anzake amamutcha katswiri.

Augustine Woyera anasimba nkhani ya amayi ake, Monica Woyera, ali mtsikana. Makolo ankawatuma kukatunga vinyo mosungira, ndipo iwo ankangolawa ndi nsonga ya milomo, osati chifukwa chomukonda, koma mwa chibwana chabe. Tsiku lililonse ankaonjezera pang'ono, mpaka anayamba kumwa makapu pafupifupi odzaza. Anasiya pamene wantchito wa pakhomo, atakangana nawo, anawanena kuti ndi kachidakwa. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mtolo wa Monica unayamba ndi kulawa. Chimene chinawapulumutsa ndi munthu wowauza mawu owawa. Bwana wa mabotolo okwera mtengo kawirikawiri alibe munthu wotero pafupi.

Komabe tiyerekeze kuti wolawayo saledzera konse, amamwa toti imodzi Loweruka basi. Kodi nkhani yathera pomwepo? Papa Gregory Wamkulu anaphunzitsa kuti kususuka kuli ndi njira 5, ndipo Aquinas anazitenga momwemo: kudya nthawi isanakwane, kufuna zokwera mtengo, kudya mopitirira muyeso, kudya mwaphuma, ndi kusankha mopambanitsa. Njira imodzi yokha ndiyo ikunena za kuchuluka. Ziwiri mwa zotsalazo, kufuna zokwera mtengo ndi kusankha mopambanitsa, zikukhala ngati zinalembedwera wosonkhanitsa mabotolo. Munthu angathe kukhala wosusuka asanadzandirepo ndi kamodzi komwe, ngati mtima wake wonse uli pa botolo limene sanalipeze.

Mu Novembala 2023, ku London, botolo limodzi la Macallan wa 1926 linagulitsidwa pa okushoni ya Sotheby's pa mtengo wopitirira mapaundi 2 miliyoni. Palibe lilime la munthu limene lingamve kukoma kwa mapaundi 2 miliyoni. Wogulayo anagula kusowa kwa chinthucho, ndi mbiri yoti iye ali nacho pamene ena alibe. Ku Kentucky anthu amachezera pa mzere usiku wonse kudikira bourbon wa Pappy Van Winkle, ena n'kukamugulitsanso pa madola masauzande asanatsegule n'komwe. Apa luso lolawa latha, kwatsala kudzionetsera. Chodabwitsa china n'chakuti mabotolo ambiri a ku America okhala ndi mayina osiyana, aliyense ndi nthano yake ya agogo amene anayambitsa, mowa wake umachokera pa fakitale imodzi yaikulu ya MGP ku Indiana. Chikomekome cha mkuyu. Wodziwadi amaseka nazo nthanozo n'kusankha botolo la mtengo wapakati limene lilime lake lavomereza, ndipo akatswiri ambiri amavomereza kuti akalawitsidwa osaona botolo, nthawi zina lotsika mtengo limagonjetsa lokwera.

Ndalama nazo zili ndi funso lake, ndipo silikufuna masamu ambiri. Sikulakwa kuti munthu wogwira ntchito adzisangalatse ndi gawo la malipiro ake. Koma botolo lochokera kunja, litalipiridwa msonkho, likhoza kufanana ndi malipiro a mwezi a mlonda amene akutsegula geti kuti botololo lilowe. Ngati mlondayo walipidwa pa nthawi yake, fizi ya ana yaperekedwa, amayi kumudzi alandira ya feteleza, ndipo mayi wa pakhomo akudziwa mtengo weniweni wa botololo, palibe mlandu. Koma lisiti ikayamba kung'ambidwa munthu asanafike pakhomo, chikumbumtima chaweruza kale, ngakhale mwini wake akanakonda kuti chidikire.

Ena amaona kuti njira yachidule ndiyo kungoletsa zonse. Dziko la America linayesa kuyambira 1920 mpaka 1933, ndipo chimene chinakula ndi malonda a mowa wozembetsa ndi magulu a zigawenga. Mpingo sunatsate njira yokakamiza aliyense, koma wakhala ukulemekeza odzisala mwa kufuna kwawo. Bambo Theobald Mathew, wansembe wa chipani cha Capuchin, anayambitsa lonjezo losiya mowa ku Cork m'chaka cha 1838, ndipo anthu mamiliyoni a ku Ireland, dziko la whiskey, analonjeza. Matt Talbot, wantchito wamba wa ku Dublin, anayamba kumwa ali ndi zaka 12, anasiya ali ndi zaka 28, ndipo sanalawenso mpaka imfa yake m'chaka cha 1925. Kwa munthu ngati iyeyo, muyeso woyenera unali kusakhudza n'komwe. Benedict Woyera, polemba malamulo a amonke, anavomereza monyinyirika muyeso wochepa wa vinyo pa tsiku, podziwa kuti anthu sanapatsidwe mphamvu zofanana. Ndiye kuti muyeso si nambala imodzi ya anthu onse. Wina toti imodzi ndi chisangalalo, wina toti yomweyo ndi khomo lobwerera kumene anathawa movutikira.

N'chifukwa chake wokonda whiskey amaonekera bwino pa mmene amachitira ndi mlendo wokana. Pali eni nyumba amene amaumiriza, amati ameneyu si mowa wamba, ingolawani, simudzaupezanso. Sadziwa kuti mwina mlendoyo ali pa mwezi wake wachisanu ndi chimodzi wosamwa, kapena akuyendetsa galimoto, kapena anaika m'manda bambo ake chifukwa cha botolo. Paulo Woyera analangiza Akhristu a ku Roma kuti ndi bwino kusiya nyama kapena vinyo kusiyana ndi kukhumudwitsa mbale. Mwini nyumba amene angabweze botolo lake lonyadira m'kabati, n'kutereka tiyi nkhope isanasinthe, waonetsa kuti botololo ndi lake, iye si wa botololo. Ana a m'nyumbamo nawonso amaona chimene bambo amathamangira akangovula nsapato.

Whiskey ali ndi khalidwe limodzi losiyana ndi vinyo kapena mowa wa masese. Akangochoka mu mgolo amaleka kukhwima. Wa zaka 12 amakhalabe wa zaka 12 ngakhale atakhala m'kabati zaka 30, ndipo botolo lotsegula, likatsekedwa bwino n'kuikidwa choimirira posafika dzuwa, limatha miyezi yambiri lisanasinthe. Choncho amene angalitseke Lachitatu la Phulusa adzalipeza pa Pasaka lili chimodzimodzi, fungo la vanila ndi utsi zili momwemo. Wolawa weniweni adzaona kuti masiku 40 angomunolera lilime. Amene adzayambe kusowa tulo sabata yoyamba, kupsa mtima madzulo, kapena kupeza zifukwa zoti Lamulungu saliwerengera ndiye Loweruka usiku n'chimodzimodzi, ameneyo ali ndi nkhani yoti akambe ndi dokotala, ndi akunyumba kwake, ndiponso ndi wansembe.