Mwini Nyimbo Ndani?

Kuyambira kale anthu oganiza mozama akhala akulimbana ndi funso lakuti chinthu chatsopano chimachokera kuti. Ena amati luso ndi mphatso imene munthu amabadwa nayo, ndipo mwini lusoyo angathe kupeka chodabwitsa ngakhale atatsekeredwa m'phanga. Ena amatsutsa, namati palibe munthu amene amapeka kanthu payekha, pakuti aliyense amatola apa ndi apo zimene anzake anasiya. Funsoli lingaoneke ngati la anthu okhuta, koma kumapeto kwake kuli ndalama, ulemu ndiponso njala ya ana a munthu. Mbiri ya nyimbo ina ya ku South Africa ikuonetsa zimenezi poyera.

Golide atapezeka m'chaka cha 1886, pamalo amene kale panali thengo panamera mzinda wa Johannesburg, umene makolo a kuno ankautcha Joni. Kumeneko kunakhamukira Azulu, Asutu, Ashangani, Amalawi ndi mitundu ina yambiri. Amuna ankagona m'nyumba za amuna okhaokha, kutali ndi akazi ndi ana awo, ndipo malamulo a tsankho ankawaletsa kuyenda momasuka. Moyo unali wowawa. Komabe Loweruka usiku magulu a oyimba ankapikisana m'maholo, ndipo munthu amene kwawo ankangomva nyimbo za mtundu wake tsopano ankamva mayimbidwe a mitundu khumi pa sabata imodzi.

Mmodzi mwa amuna amenewa anali Solomon Linda, Mzulu wa ku Natal, wobadwa m'chaka cha 1909, amene anafika mu mzindawo m'chaka cha 1931. Iye anakula akumva nyimbo za maukwati a Chizulu ndi nyimbo za m'tchalitchi. Panalinso mayimbidwe ena amene anali atazika mizu m'dzikomo kuchokera pamene gulu la oyimba akuda a ku Amereka, lotsogozedwa ndi Orpheus McAdoo, linafika m'chaka cha 1890. Linda anasakaniza zonsezi. M'gulu lake la Evening Birds anachulukitsa amuna oyimba besi, iye mwini n'kumayimba ndi mawu aang'ono okwera pamwamba pa anzakewo, monga mbalame iuluka pamwamba pa nkhalango.

Mzinda unam'patsa zomva, koma malo a ntchito ndiwo anam'patsa khomo. Linda ankagwira ntchito yolongedza mbale za galamafoni pa kampani ya Gallo, ndipo m'chaka cha 1939 gulu lake linaitanidwa kukajambula nyimbo. Imodzi mwa nyimbozo inali Mbube, kutanthauza mkango. Olemba mbiri ya nyimboyi amati kachigawo kamene dziko lonse likukadziwa lero sikanakonzedwe kunyumba ayi: kanangotuluka pakamwa pa Linda chakumapeto, pamene ankayesa kujambula kachitatu. Apa anthu a maganizo oyamba aja angaombe m'manja, nanena kuti si imeneyo mphatso ya munthu mmodzi. Ndipo sakunama, pakuti amuna zikwizikwi ankayimba mu Joni muja koma kachigawoko kanatuluka mwa mmodzi yekha. Chimene akuiwala n'chakuti mawu okwerawo sakadakhala ndi potsamira pakadapanda besi ya anzake, ndipo besiyo sikadakhalapo pakadapanda mipikisano ya Loweruka, maukwati a ku Natal ndi alendo a ku Amereka aja. Paja akuluakulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Mbewu ndi ya munthu, koma dothi, mvula ndi manyowa n'za anthu ambiri.

Kuti kubwereka ndiyo njira imene luso limayendera, Amalawi ali ndi umboni wa pakhomo. M'zaka za m'ma 1950 anyamata a m'makomboni a ku Joni anatchukitsa mayimbidwe a kwela, oyimbidwa ndi kachitoliro kotsika mtengo, ndipo Spokes Mashiyane anali katswiri wake. Mayimbidwewa anayenda ndi mbale za galamafoni ndiponso ndi anthu obwerera ku ntchito, mpaka anafika m'manja mwa Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka. Iwo anawonjezamo kaimbidwe kawokawo ka gitala ndi mawu a Chichewa, ndipo pamene kwela inali kuzilala kwawo kwenikweni, ku Chileka inali ikadali moyo. Gerhard Kubik, katswiri wa ku Austria wofufuza za nyimbo, anakumana nawo m'chaka cha 1967, ndipo pambuyo pake anakayimba mpaka ku Ulaya. Palibe munthu wanzeru amene angatche abale awiriwa akuba. Anabwereka, nakometsa, ndipo sanabise kumene anatenga.

Ngati zili choncho, kodi pali chifukwa chodandaulira pamene nyimbo ya Linda nayo inabwerekedwa? Apa ndi pamene pagona nkhani.

Mbube inagulidwa kwambiri m'dziko la South Africa, kotero kuti mayimbidwe onse a mtundu umenewo anayamba kutchedwa ndi dzina lomwelo. Koma Linda anali atagulitsa kale nyimboyo ku kampani pa mtengo wochepa, umene ambiri amati unali masheleni 10. Mbale imodzi inaoloka nyanja n'kufika kwa woyimba wa ku Amereka, Pete Seeger, amene sanamve bwino mawu a Chizulu, ndipo anaitcha Wimoweh. Gulu lake la The Weavers linaitchukitsa m'chaka cha 1952, koma pa mbale yawo panalembedwa dzina lopeka la Paul Campbell monga mwini nyimbo. M'chaka cha 1961 George David Weiss ndi anzake anaikamo mawu a Chingerezi, ndipo gulu la The Tokens linaiyimba pa dzina lakuti The Lion Sleeps Tonight. Inakhala nyimbo yoyamba pa zonse m'dziko la Amereka. Chaka chotsatira, cha 1962, Linda anamwalira ndi matenda a impso ali mmphawi, ndipo panapita zaka zambiri banja lake lisanathe kuika mwala pamanda ake. M'chaka cha 1994 nyimboyo inamvekanso mu kanema wa kampani ya Disney wotchedwa The Lion King, ana ake akukhalabe movutika ku Soweto.

Nkoyenera kuweruza mosakondera. Seeger ndi Weiss anawonjezadi kanthu pa nyimboyo, monga momwe Linda anawonjezera pa zimene anazipeza. Seeger mwini, atadziwa za mwini nyimbo, anavomera poyera kuti inali ya Linda ndipo anatumizako ndalama pang'ono. Komanso kampani ya Gallo ingathe kunena kuti popanda makina ake kachigawo kaja kakadathera m'mphepo usiku womwewo, monga zinathera nyimbo zina zosawerengeka za m'maholo. Zonsezi n'zoona. Koma munthu wobwereka khasu amabweza, kapena akakolola amapatsako mwini khasu lichero la chimanga. Akafufuta chizindikiro cha mwini pa mpini n'kulembapo chake, ameneyo salinso wobwereka. Ndiponso malonda a pakati pa kampani yokhala ndi makina ndi maloya, ndi wantchito wakuda wosadziwa kuwerenga, wokhala pansi pa malamulo a tsankho, ndi ovuta kuwatcha malonda a anthu awiri ogwirizana. Mzinda womwewo umene unasonkhanitsa mitundu kuti luso libadwe unali utagawa kale amene adzadye ndi amene adzangonunkhiza.

Choipa cha mchitidwe wotere sichithera pa munthu mmodzi wolandidwayo. Pamalo a ntchito pamene nzeru ya wamng'ono imasanduka ya bwana, ang'onoang'ono amaphunzira kutseka pakamwa. Mmisiri akaona kuti njira yake yatsopano yowotcherera zitsulo yalemeretsa wina, mawa amabisa, ndipo kubisako kumapha kukumana kwa nzeru kumene kumabala zatsopano. N'chifukwa chake maiko amakhazikitsa malamulo oteteza opeka. Ku Malawi bungwe la COSOMA linayamba ntchito yotere m'chaka cha 1992. Koma malamulowo nawo akakhwima mopitirira, nakaniza aliyense kutola kanthu kwa mnzake, ndiye kuti Linda yemweyo sakadaloledwa kukhudza mayimbidwe a McAdoo, ndipo a Kachamba akadalandidwa chitoliro.

M'chaka cha 2000 mtolankhani wa ku South Africa, Rian Malan, analemba mbiri yonseyi m'magazini ya Rolling Stone, ndipo anthu ambiri anachita manyazi. Maloya anafukula lamulo lakale la Britain la m'chaka cha 1911, limene linkati pakapita zaka 25 wopeka atamwalira, umwini wa ntchito yake ubwerere kwa olowa m'malo mwake. Mlandu unalowa m'khothi m'chaka cha 2004, ndipo m'chaka cha 2006 kampani ya Abilene Music, imene inali ndi umwini wa nyimboyo, inavomera kulipira banja la Linda ndi kulemba dzina lake pakati pa opeka. Apa n'kuti patapita zaka 44 chimwalirire mwini wake. Mlanduwo unali wa Linda ndi ana ake okha. Amuna ena aja a Evening Birds, amene besi yawo imamveka pa mbale ya 1939 kuyambira poyamba mpaka pomaliza, sunawakhudze.