BALA LIMENE SILITULUKA MAGAZI

M'buku laciwiri la Samuele, mutu 13, muli nkhani imene sitiimva kawirikawiri m'chalichi. Tamara, mwana wa mfumu Davide, anatumidwa ndi atate ace kukaphikira mlongo wace Amnoni, amene anadzionetsa ngati wodwala. Anapita ndi mtima woyera kukacita nchito yacifundo. Amnoni anamgwirira, ndipo atatha anamtulutsa kunja, nauza mnyamata wace kuti atseke citseko. Tamara anadzithira phulusa kumutu, nang'amba mkanjo wace, napita alikulira. Taonani tsono zimene anapeza kwa abale ace. Absalomu anamuuza kuti akhale cete. Davide atamva anakwiya kwambiri, koma sanacite kanthu. Ndipo mtsikanayo anatsala m'nyumba ya Absalomu ngati bwinja.

Tamara anapwetekedwa ndi wa m'nyumba mwace, ali pa nchito imene anatumidwa. Zotere zimacitikanso pakati pa asilikali, ndipo dziko lina limene laulula poyera za bala limeneli ndi America. Mu September 1991, pa msonkhano wa oyendetsa ndege za nkhondo wochedwa Tailhook, mu mzinda wa Las Vegas, akazi 83 ndi amuna 7 anacitidwa zacipongwe, ena mwa iwo ali asilikali. Mu 1992 boma linaika lamulo lakuti akazi amene anali asilikali, nacitidwa zotere, alandire cithandizo. Mu 1994 linaonjezapo amuna. Lero m'zipatala za boma za asilikali akale munthu ali yense amafunsidwa funso limeneli. Mwa akazi atatu ali onse, mmodzi amayankha kuti inde. Mwa amuna 50, mmodzi. Musanyengedwe ndi ciwerengero ca amuna. Popeza amuna ndiwo oculuka m'gulu la nkhondo, amuna ovulala motere ali ambiri ndithu, ndipo manyazi amawatseka pakamwa zaka zambiri.

Kodi balali lilemera bwanji cotere kwa msilikali? Mdani akamlasa, anzace amamnyamula, ndipo cipsera cace amacionetsa kwa adzukulu. Koma apa wompweteka ndi mnzace wogona naye m'nyumba imodzi, kapena mkulu amene ayenera kumcitira sawasha m'mawa mwace. Sangathawe, pakuti msilikali wothawa amalangidwa. Akakanena, aopa kuti adzamuyesa wogulitsa anzace. Amameza, nabwera nazo kwao. Patapita zaka tulo timsowa, maloto amdzidzimutsa, wina agwera m'mowa, wina safuna kuti ngakhale mkazi wace kapena mwamuna wace amkhudze.

Apa ndi pamene namwino wacifundo amaonekera. Kumbukirani kuti m'cipatala munthu amavula, amagona pansi, ndipo mlendo amamgwira thupi. Kwa ife ndi zacizolowezi. Kwa iye cingakhale ngati tsiku lija labweranso. Cifukwa cace namwino wodziwa nchito amagogoda asanalowe. Amafunsa funsolo ali awiri, ndi mau ofatsa, ndipo akamva yankho saumiriza munthu kufotokoza zonse. Asanamgwire amanena cimene afuna kucita, napempha cilolezo. Wodwalayo akati basi, iye amaleka. Ngati kungatheke amamlola kusankha womuyesa, mwamuna kapena mkazi. Zing'onozing'ono, mudzatero. Koma cimene anamlanda munthuyu ndi ufulu wonena kuti iai, ndipo namwino ameneyu alikumbwezera ufuluwo. M'zipatala zija cithandizoci ndi caulere, ndipo safuna kalata yosonyeza kuti munthuyo anakasuma mlandu pa nthawi ija. Ine ndiona nzeru yaikulu pamenepa: cipatala si bwalo la milandu.

Ambuye Yezu yemwe, atauka kwa akufa, anasunga mabala ace, koma Tomasi sanawakhudze mwa mphamvu. Mwini mabala ndiye anamuitana.

Pali funso lina limene namwino sangaliyankhe yekha, ndipo limafika kwa ife ansembe ndi kwa inu aphunzitsi: kodi ndinacimwa? Kodi ndadetsedwa pamaso pa Mulungu? Eklezia anayankha kale. M'caka ca 410, pamene mzinda wa Roma unagwa m'manja mwa adani, akazi ambiri acikristu anagwiriridwa, ndipo panali anthu amene anawayesa odetsedwa. Augustino Woyera, episkopi wa ku Hippo, m'cigawo coyamba ca buku lace la Mzinda wa Mulungu, anaphunzitsa kuti kuyera kumakhala mu mtima ndi m'kufuna kwa munthu, ndipo zimene wina acita pa thupi lako iwe osavomera sizingakucotsere kuyerako. Chimo ndi la wocitayo. Inu nomwe mumaphunzitsa ana kuti chimo lifuna kudziwa ndi kuvomera. Nanga tiiwaliranji phunzirolo munthu wamkulu akabwera kwa ife alikunjenjemera?

Tsono mphunzitsi, wina akakuululira zotere, kaya anali msilikali kaya ai, usakhale Absalomu. Usamfunse kuti unalekeranji kukuwa, kapena kuti iwe mwamuna wamphamvu zinatheka bwanji. Usamtume kukalapa cimene sanacimwe. Usamfulumizenso kukhululuka, nthawi yace idzafika ndi cisomo ca Mulungu, koma bala amayamba alitsuka asanalimange. Mvera, sunga cinsinsi, ndipo iye akalola, mperekeze kwa odziwa za cipatala.

Pa 14 July timakumbukira Camillus de Lellis Woyera. Iyeyu anali msilikali wa ku Italy, wokonda juga, ndipo anali ndi cironda ca pamwendo cimene sicinapole moyo wace wonse. Atagona m'cipatala ca San Giacomo ku Roma anaona m'mene anchito olembedwa anali kunyozera odwala, nayambitsa cipani ca otumikira odwala. Anamwalira mu 1614, ndipo mu 1930 Papa Pius XI anamuika kukhala nkhoswe ya anamwino. Pa tsikulo ndipempha kuti m'mapemphero a pa malimana onse muikemo asilikali akale amene ali ndi mabala obisika, ndi anamwino owasamala. Musachule dzina la munthu.