Khoma Silifunsa Satifiketi

Aliyense amene wadutsa pa Jenda zaka zapitazi waona mmene malowa akukulira. Kuseri kwa mabenchi a tomato, anyezi ndi mbatata ya kachewere m'mbali mwa msewu wa M1 kwadzuka masitolo, malo ogona alendo ndi nyumba za malata. Zambiri mwa nyumbazi zikumangidwa ndi ndalama za ku Joni, kumene amuna a ku Mzimba akhala akupita kuyambira nthawi ya Wenela. Mwini nyumba ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town, amatumiza ndalama kwa mmisiri amene anagwirizana naye, ndipo khoma lake amaliona pa zithunzi za pa WhatsApp. Munthu amene akuyala njerwa za khomalo samudziwa.

Kawirikawiri woyala njerwayo ndi mnyamata amene anafika pamalopo kudzaponda matope ndi kukankha wilibala. Sukulu anailekezera panjira chifukwa cha fizi. Koma ali ndi maso ndi manja. Patatha zaka zitatu kapena zinayi akudziwa kukoka chingwe, kuongola ngodya, kuthira lintala ndi kupaka pulasitala yosalala. Mmisiri wamkulu, poona zimenezi, amatenga ntchito zitatu nthawi imodzi. Amafika mmawa, n'kuloza apa ndi apo, n'kukwera njinga yamoto kupita kwina. Kwa mwini nyumba amatchula mtengo wa mmisiri. Kwa mnyamatayo amapereka malipiro a woponda matope.

Zoterezi zili ponseponse: m'magalaja, kwa owotcherera zitsulo, kwa akalipentala. Pa zamagetsi ndiye zimaonekera poyera. Bungwe la MERA ndi limene limapereka chilolezo kwa oika mawaya m'nyumba, ndipo pamafunika mapepala a munthu wovomerezekayo kuti ESCOM ilumikize magetsi. Ndiye zimachitika kuti wina wakwera kudenga n'kukoka mawaya sabata yathunthu, wina wangobwera kudzasaina. Ndalama yambiri imatsata wosainayo.

Kodi pamenepa pali tchimo? Mmisiri wamkulu ali ndi mayankho ake, ndipo si onse amene ali opanda pake. Amati mnyamatayo alibe pepala, luso analipeza kwaulere m'manja mwake, ndipo khoma likang'aluka amene adzaitanidwe ndi iyeyo, osati mnyamatayo. Zimenezi n'zomveka. Satifiketi si pepala wamba. Amene anakhala zaka ku sukulu ya ntchito zamanja analipira fizi, ndipo anaphunzira chifukwa chake waya wochepa mphamvu amatentha nyumba. Wosenza udindo ayenera kulandira gawo la udindowo, ndipo wophunzira weniweni sangalingane ndi mphunzitsi wake.

Vuto lili apa. Ngati mnyamatayo sakuitha ntchito, n'chifukwa chiyani akusiyidwa yekha kumanga khoma limene ana adzagone pansi pake? Pamenepo mmisiri akunamiza mwini nyumba ndipo akuika miyoyo pachiswe. Ngati akuitha, n'chifukwa chiyani akulipidwa ngati wosaitha? Pamenepo akumudyera masuku pamutu. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu mnyamatayo ndi mmisiri. Kusowa kwa pepala kumakumbukiridwa Loweruka, nthawi yowerenga ndalama ikakwana.

Yankho limene anthu amalikonda kwambiri ndi lakuti anavomera yekha, palibe anamukakamiza. Mpingo unaliyankha kale limenelo. M'chaka cha 1891, m'kalata yake yotchedwa Rerum Novarum, Papa Leo XIII anaphunzitsa kuti mgwirizano paokha sukwanira kuti malipiro akhale achilungamo, pakuti munthu amene wavomera zochepa chifukwa cha umphawi kapena mantha wachita kukakamizidwa ndithu, ngakhale palibe anamugwira pakhosi. Mnyamata wa pa Jenda amadziwa kuti akakana, pali anzake khumi pa depoti amene avomere lero lomwe. Ena amathawira ku fanizo la antchito a m'munda wamphesa pa Mateyo 20, kumene nkhani ya mgwirizano imatchulidwadi. Koma mwini munda uja anapatsa ena zoposa zimene anagwirira. Palibe amene anamudula. Deuteronomo 24 ndi kalata ya Yakobe mutu 5 zimadzudzula kumana wantchito malipiro ake, ndipo Katekisimu wa Mpingo amaika tchimoli pamodzi ndi magazi a Abele pa machimo amene amafuulira kumwamba. Kubweza theka la malipiro ndi kumana komwe, kungoti kumachitika mwaulemu.

Malamulo a dziko nawo sali chete. Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limanena za malipiro ofanana pa ntchito yolemera mofanana. Mu 2024 boma linakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi. Chiwerengero chotere chimaikidwa kuti pasakhale wolandira zochepera pamenepo, koma olemba ntchito ena amachitenga ngati malire opitirira, ngakhale kwa munthu amene akumanga nyumba yonse. Ndipo pa ntchito zapakamwa, zopanda cholembedwa chilichonse, lamulo limagwirabe ntchito, koma kawirikawiri silitsatidwa. Maepiskopi a kuno kwathu, m'kalata yawo ya Lenti ya pa 8 Malichi 1992, anadandaula za malipiro ochepa ndi kusiyana kwa olemera ndi osauka. Anthu amaikumbukira kalatayo pa zandale, gawo la malipiro n'kuliiwala.

N'kosavuta kuloza chala mmisiri wamkulu. Koma naye amapanikizidwa ndi mwini nyumba amene amanenerera mtengo mpaka kufika pafupa, ndipo eni nyumba ambiri otere amakhala m'tauni, ena mwa iwo pa mabenchi a m'tchalitchi Lamulungu lililonse. Mkhristu amasankha kontirakitala wotchipa osafunsa kuti kutchipako kukuchoka m'thumba la yani. Makomiti a zomangamanga m'maparishi ndi m'miphakati amafunsa mtengo wa simenti ndi malata mpaka tambala yomaliza, koma n'kamodzikamodzi kumva wina akufunsa kuti woyala njerwa alandira zingati patsiku. Wina amene amaluza mwakachetechete ndi mtsikana kapena mnyamata amene ali ndi pepala lake lenileni: salembedwa, chifukwa pali wopanda pepala amene agwire ntchito yomweyo pa mtengo wa ganyu.

Njira yotulukira ilipo. Kwa zaka zambiri unduna wa zantchito wakhala ukuyesa amisiri mayeso a Trade Test, ndipo bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, lili ndi ndondomeko yoyesa anthu amene anaphunzirira luso lawo pantchito kuti alandire satifiketi. Mnyamata wa pa Jenda akhoza kuyesedwa. Chimene amasowa ndi munthu womuuza, ndalama yolembetsera, thiransipoti, ndi masiku angapo osadulidwa malipiro. Mmisiri wamkulu angathe kumupatsa zonsezi pa phindu la nyumba imodzi. Ambiri sachita, ndipo chifukwa chake amachidziwa bwino: tsiku limene mnyamatayo adzagwire pepala m'manja, adzayamba kutchula yekha mtengo wake.