Pofolera denga logundana ndi la aneba: mfundo zofunika

Kumudzi, munthu akafuna kufolera nyumba amamweta udzu, kuitana abale, dzuwa likamapendeka ntchito yatha. Nyumba ya mnzake ili payokha, pakati pali bwalo. Kuno ku England n'zosiyana. Misewu yambiri ya ku Manchester, Leeds ndi Leicester ndi ya nyumba za mdadada zimene zinamangidwa m'zaka za m'ma 1800 kuti muzikhala anthu ogwira ntchito m'mafakitale. Khoma la kuchipinda kwanu ndi lomwelo la aneba, chumuni nthawi zambiri n'chimodzi, ndipo m'misewu ina denga limangopitirira kuyambira pa nyumba yoyamba mpaka yomaliza. Amalawi anzathu akamagula nyumba kuno, kawirikawiri amayambira pa zoterezi poti ndi zimene mtengo wake umafikirika, ndipo amene anakhalapo mumdadada ku Ndirande kapena ku Kawale sadabwa nazo. Koma nyumba za zaka zoposa 100 madenga ake anatopa, ndipo tsiku lochotsa matayilosi akale limafika ndithu.

1. Mvula sidziwa malire.

Pa mapepala a nyumba malire amaoneka bwinobwino, mzere wodutsa pakati pa khoma. Padenga mzerewo palibe. Matayilosi amalumana, lapamwamba kuphimba lapansi, ndipo timatabwa timene amakhomerapo nthawi zambiri timadutsa pamwamba pa khoma n'kulowa mbali ya aneba. Mukazula tayilosi lanu lomaliza, mwagwedeza loyamba la mnzanu. Mawu akuti "nyumba ndi yanga, ndalama ndi zanga" angamveke pa nkhani ya penti wa pabalaza, koma padenga sakwanira. Amene wayamba ntchito padenga lotere wasenza udindo wa chipinda chimene iye sagonamo.

2. Gogodani kwa aneba musanapangane ndi mmisiri.

Ku England ndi ku Wales kuli lamulo la 1996 lotchedwa Party Wall etc. Act. Limati ngati ntchito ikukhudza khoma logawanalo, monga kuliboola, kulikweza kapena kugumula mbali ya chumuni imene yamatirira pakhomapo, muyenera kuwalembera aneba kalata kutatsala miyezi iwiri. Iwo ali ndi masiku 14 oti avomere. Akapanda kuyankha, lamulo limatenga kuti pali kusagwirizana, ndiye pamasankhidwa katswiri woyeza nyumba, amene nthawi zambiri amalipidwa ndi mwini ntchito. Koma kungosintha matayilosi osakhudza khoma, kawirikawiri lamuloli silikukakamizani kulemba kalata.

Ena akamva zimenezi amati basi, palibe chowauzira. Ine ndimakana. Lamulo analembera anthu amene alephera kumvana, ndipo limangotchula zochepa zimene munthu sangazembe. Ulemu umayambira patsogolo pa pamenepo. Taganizani mwadzuka m'mawa, mukutsegula katani n'kupeza zitsulo za nsanja ya amisiri zaima pawindo panu, munthu wosamudziwa akuyenda pathabwa moyang'anizana ndi bedi lanu. Ngakhale mutakhala wofatsa bwanji, tsiku limenelo mtima wawawa, ndipo chilichonse chimene chingalakwike pambuyo pake mudzachiona ndi diso la mkwiyo umenewo.

Pitani nokha, osatuma mmisiri, osangoponya kapepala pachitseko. Nenani zonse: "Amayi, denga lathu likudontha, tikufuna kulichotsa mwezi wamawa. Amisiri adzafika pamalire ndi lanu, nsanja idzalowa pang'ono pabwalo panu. Kodi pali masiku amene simungafune phokoso?" Funso lomalizali musaliiwale. Mwina m'nyumbamo muli mwana wakhanda, mwina muli wodwala, mwina bambo wa m'nyumbamo ndi namwino wogwira usiku amene amagona masana. Amalawi ambiri kuno ntchito za usikuzi timazidziwa, ndiye sitingati sitikumvetsa kufunika kwa tulo ta masana.

3. Chotchipa kwa inu chisalemere kwa mnzanu.

Nyumba zakalezi anazifolera ndi masileti, miyala yopyapyala yochokera kumpoto kwa Wales, kumigodi monga Penrhyn pafupi ndi Bethesda ndi Dinorwic pafupi ndi Llanberis. Mwala umenewu umakhalitsa zedi. Chimene chimayamba kutha ndi misomali: imachita dzimbiri n'kuthyoka, masileti n'kuyamba kutsetsereka limodzilimodzi. Pofuna kusunga ndalama, ambiri amaikapo matayilosi a konkire, amene ndi otchipa koma amalemera pafupifupi kuwirikiza kawiri. Mapaso amene anawayeza kuti anyamule sileti amayamba kupindika, denga n'kuchita chigwa pakati, ndipo mitanda ikuluikulu yonyamula mapasowo inakhazikika m'khoma lomwe lija logawana. N'chifukwa chake kufolera denga lonse kumafuna kuti a khonsolo oona za zomangamanga adziwe, makamaka ngati kulemera kukusintha. Mmisiri akakuuzani kuti "zimenezo n'zotayitsa nthawi, palibe angadziwe," funani wina.

4. Funsani za pamalire, poti ndi pamene pamabisala chinyengo.

Apa ndiye pagona nkhani. Sileti ndi lopyapyala ndi lathyathyathya, tayilosi la konkire ndi lochindikala ndipo lina limakhala ndi mizere. Ziwirizi sizilumana. Pamene latsopano lakumana ndi lakale pamatsala mpata woyenda kuchokera pamsonga pa denga mpaka kumphepete, ndipo mpatawo uli ndendende pamwamba pa khoma logawana.

Mmisiri wofulumira amangotapa simenti n'kumata pampatapo. Tsiku loyamba pamaoneka bwino, kuchokera pamsewu simungaone cholakwika. Koma denga limasuntha pang'onopang'ono ndi kutentha ndi kuzizira, simenti n'kuchita ming'alu. Madzi amalowa m'ming'alumo, usiku wa chisanu amaundana n'kufufuma, mng'alu n'kukula. Pakapita nyengo imodzi kapena ziwiri, zibenthu za simenti zili m'ngalande, madzi akulowa. Ndipo poti mbali yanu pansi pa matayilosi pali nsalu yatsopano yotchinga madzi, pamene mbali ya aneba mwina palibe n'komwe, madziwo amathera kwa iwo.

Mumsewu wina umene ndinakhalamo munali agogo aakazi okhala okha. Aneba awo anafolera denga m'chilimwe, n'kukongola ndithu. Chisanu chili mkati agogowo anandiitana kuti ndiwathandize kusuntha kabati m'chipinda cham'mwamba. Pakona ya siling'i, kumbali ya khoma logawana, panali banga lofiirira, m'mphepete mwake muli mizere yosonyeza pamene mvula iliyonse inalekezera. Pepala lomata pakhoma linali litasendeka mpaka pakati, m'chipindamo mukununkha nkhungu, pansi ataika beseni. Anandiuza kuti, "Mwanangu, chilowereni m'nyumba muno chipinda chino sichinadonthepo." Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti ankaopa kukadandaula, ati angaoneke ovuta. Mwini denga latsopanolo, amene sanali munthu woipa, ankagona mouma osadziwa kanthu.

Njira yoyenera ilipo ndipo amisiri onse amaidziwa. Amayala kangalande kobisika pansi pa matayilosi a mbali zonse ziwiri, kutsata khomalo kuchokera pamwamba mpaka pansi, kuti dontho lililonse lolowa pampata litsetsereke n'kutulukira kunja. Amakatcha bonding gutter. Kale kankakhala ka mtovu, masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito ka fibreglass. Kuti akayale bwino amayenera kuchotsa masileti angapo a aneba n'kuwabwezeretsa, choncho chilolezo chawo n'chofunika. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi denga lonse, koma poti sikaoneka, ndi kamene kamayamba kudumphidwa. Musanasaine chilichonse funsani kuti, "Pamalire mupangapo bwanji?" Yankholo lilembedwe papepala la mtengo, ndipo tsiku loyala kangalandeko akujambulireni chithunzi asanakaphimbe.

5. Kulemba si kukayikirana.

Ntchito isanayambe, pemphani kuti mujambule zithunzi za siling'i ya aneba, khoma, ngalande za padenga ndi masileti a pamalire. Iwo akhale nazo, inunso mukhale nazo. Kwathu zoterezi zimaoneka ngati mukumuyesa mnzanu wabodza, koma anthu awiri oona mtima akhoza kukumbukira mng'alu umodzi mosiyana. Funsaninso mmisiri akuonetseni pepala la inshulansi yolipira zimene angawononge kwa anthu ena.

6. Denga likatseguka, yang'anani zimene zaka zonsezi zinabisika.

Masiku amene matayilosi achotsedwa ndi oopsa kwa nyumba zonse ziwiri. Mvula ya kuno sipangana ndi munthu. Amisiri asaweruke lona asanamange bwino, ndipo lonayo afike mpaka pamasileti a aneba amene asunthidwa.

Koma masiku omwewo ndi mwayi. M'nyumba zina za mdadada khoma logawana limathera pa siling'i, pamwamba pake n'pululu, moti munthu akhoza kukwawa m'denga kuchokera nyumba ina kupita ina. Kumene munthu angadutse, moto umadutsanso, ndipo umathamanga kuposa iye. Anthu a dziko lino anaphunzira zimenezi mowawa. Moto wa ku London wa 1666 unapsereza nyumba zoposa 13,000, ndipo lamulo la 1667 linalamula kuti nyumba zomangidwanso zikhale za njerwa kapena miyala. Malamulo otsatira anawonjezera kuti khoma la pakati lizitulukira pamwamba pa denga, ndipo mpaka lero m'misewu yakale ya London mumaona timakoma totere pakati pa nyumba ndi nyumba. M'mizinda ina omanga sanachite choncho.

Mukapeza mpata wotere pamwamba pa khoma logawana, kapena mukaona kuti mapaso a aneba awola, kapena njerwa za chumuni zikugwedera mbali yawo, musatseke n'kukhala chete poganiza kuti si zanu. Auzeni, aonetseni chithunzi. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo pamdadada ndevu zake zili pafupi kwambiri ndi zanu. Nsanja ilipo kale, amisiri alipo kale, ndiye kutseka mpatawo ndi njerwa pa nthawi imeneyi n'kotchipa kusiyana ndi tsiku lina lililonse.

7. Musayeze thumba la mnzanu ndi lanu.

N'zoona kuti nyumba ziwiri zikafoleredwa pamodzi ntchito imakhala yabwino: palibe mpata pamalire, nsanja ndi imodzi, mtengo umatsikako. Auzeni aneba zimenezi. Koma akakana, nkhani ithere pomwepo. Simukudziwa ngongole zimene ali nazo, ndipo wopuma pantchito amene akudalira penshoni sangapeze ndalama ya denga chifukwa choti inu mwakonzeka chaka chino. Pa chumuni chogawana mukhoza kupempha kuti mugawane mtengo, koma mupemphe ntchito isanachitike. Kukonza kaye kenaka n'kuwapititsira lisiti ndi kuwakola, ngakhale ntchitoyo itakhala yofunikadi.

Mfundoyi ili ndi mbali inanso. Tsiku lina inu ndi amene mudzagogoderedwe. Musakanize nsanja pabwalo panu chifukwa cha mkangano wakale wa malo oimika galimoto kapena mpanda. Lamulo la 1992 lotchedwa Access to Neighbouring Land Act limalola khothi kupereka chilolezo choti munthu alowe pamalo a aneba ngati ntchito yoteteza nyumba yake singatheke mwanjira ina. Koma kufikitsana kukhothi pa nkhani ya zitsulo zoima masabata ochepa n'kuwononga ndalama za mabanja awiri, ndipo denga la mnzanu likamadontha pamalire, chinyezi chake chimatsika ndi khoma limene inunso mwatsamira.

8. Zochita za amisiri anu ndi zanu.

Aneba sanalembe ganyu munthu aliyense, ndiye asamakangane ndi amisiri anu. Zibenthu zikagwera pamaluwa awo, fumbi lodula matayilosi likadetsa zovala zimene ayanika, wailesi ikamasokosa m'mawa, wokapepesa ndi wokonza ndinu. Madzulo aliwonse yendani pabwalo pawo mutole misomali. Msomali wa denga ndi waufupi, wamutu waukulu, ndipo ukagwa umakonda kuima chagada kudikira phazi la mwana kapena tayala.

Moyo wa amisiriwo nawonso ukukhudzeni. Kugwa kuchokera pamwamba ndi imodzi mwa ngozi zimene zimapha kwambiri anthu a ntchito zomanga, ndipo malamulo a 2005 okhudza ntchito za pamwamba anabwera chifukwa cha zimenezo. Wokuuzani kuti afolera nyumba yosanjikiza ndi makwerero okha kuti mtengo utsike akugulitsa msana wake, ndipo inu musaugule. Ngati padenga pali zinthu zakale zokayikitsa kuti ndi asibesitosi, amene dziko lino linaletseratu mu 1999, asaziswe mwachisawawa, poti fumbi lake limapita kulikonse kumene mphepo yalowera. Ndipo m'denga mukapezeka mileme, ntchito iime kaye mufunse malangizo, chifukwa kuno mileme ndi malo ake ogona n'zotetezedwa ndi lamulo.

9. Ntchito siithera pa tsiku lochotsa nsanja.

Denga limayesedwa ndi mvula yamphepo, imene imawomba cham'mbali n'kukankhira madzi pansi pa matayilosi. Ikagwa yoteroyo, musadikire kuti aneba abwere. Ambiri ali ngati agogo aja, amaika beseni n'kukhala chete. Pitani inuyo mukafunse, ndipo ngati alola kwerani ndi tochi m'denga mwawo muunike m'mbali mwa khoma ndi mozungulira chumuni, mugwire matabwa ndi dzanja. Apatseni masileti abwino amene atsala kumbali yanu, poti ofanana ndi awo amavuta kupeza tsiku limene limodzi lasweka, komanso pepala losonyeza mmene pamalire anapangira ndi zaka zimene mmisiri walonjeza kuti adzakonza ulere. Pachiyambi pomwe pangananitu ndi mmisiriyo kuti gawo lomaliza la malipiro mudzapereka mbali zonse ziwiri zikaonedwa. Pakapezeka chinyezi, abwerenso sabata yomweyo, ndipo siling'i ya aneba ikonzedwe ndi kupakidwa penti pa ndalama za mbali yanu.