Elisa Anapita ku Kasupe

Mawu: 2 Mafumu 2:19-22, Ezekieli 34:17-19



Anthu a ku Yeriko anadandaulira mneneri Elisa kuti mudzi wawo unali pamalo abwino, koma madzi ake anali oipa, obweretsa imfa ndi kusabala. Elisa sanawauze kuti apirire. Anaitanitsa mbale yatsopano ndi mchere, napita kukasupe kumene madziwo ankatulukira, ndipo Mulungu anawachiritsa komweko. Tiyeni tione bwino pamenepa: mneneri sanayende khomo ndi khomo kuthira mchere m'mitsuko. Anapita kugwero.

Nafenso kuno kwa Chowe tili pamalo abwino. Mvula ikagwa m'mapiri athu, madzi ena amatsika m'mitsinje kupita ku nyanja, ku Shire ndi ku Malombe. Ena amalowa pansi, n'kumasefeka pang'onopang'ono m'dothi ndi m'miyala, mpaka tidzawapope pa mjigo. Choncho chimene chatayidwa kumtunda chimadzafika mu ndowa yathu, ngakhale patapita zaka.

Za migodi si nkhani ya kutali ayi. Tonse tinamva za anthu amene anakhamukira m'nkhalango ya Namizimu kukakumba golide, mpaka asilikali anakawachotsa mu 2018. Ku Makanjira makampani akhala akufuna mchenga wa m'mbali mwa nyanja chifukwa cha miyala ya mtengo wapatali imene ili m'menemo. Sitikunyoza wokumba. Ambiri ndi ana athu omwe, osowa ganyu, ndipo chuma cha pansi anachiika ndi Mulungu yemwe. Funso lathu ndi la madzi otsukira miyalayo: akatha ntchito amapita kuti?

Anzathu a ku Zambia ali ndi yankho lowawa. Pa 18 February 2025, damu losungira zinyalala za mgodi wa kopa wa Sino-Metals pafupi ndi Chambishi linagumuka, ndipo madzi a asidi okwana malita pafupifupi 50 miliyoni analowa m'mitsinje yothira mu Kafue. Nsomba zinafa, mbewu zinapserera, mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Damu lija linali dothi lounjikidwa basi. Ife amene tinaona mvula ya namondwe Freddy mu 2023 tikudziwa chimene madzi amachita ndi dothi lounjikidwa.

Koma choopsa kwambiri kwa ife amayi ndi chimene sichioneka. M'malo ambiri okumba golide amagwiritsa ntchito mankhwala a mercury pokoka golide mu mchenga. Otsala amakhazikika m'matope a mtsinje, amalowa m'tinsomba, nsomba zazikulu zimadya tating'onoto, ndipo mapeto ake ndi m'mbale. Mayi woyembekezera akadya nsomba yotere, poizoniyo amadutsa n'kukafika kwa mwana m'mimba ndi kuwononga ubongo wake. Ku Minamata, m'dziko la Japan, matendawa anadziwika mu 1956, ndipo ana ena anabadwa olumala pomwe amayi awo ankaoneka athanzi. Kolera ya 2022 ndi 2023 inatiphunzitsa kuwiritsa madzi ndi kuthira kolorini, ndipo tisasiye. Koma kolorini amapha tizilombo chabe. Poizoni wa mumgodi sachoka ndi kolorini kapena moto. N'chifukwa chake mtsuko sungatipulumutse. Tiyenera kupita kugwero.

Mwa Ezekieli, Mulungu akudzudzula nkhosa zonenepa zimene zimamwa madzi oyera kenaka n'kupondaponda otsalawo, zofooka zizimwa matope. Taonani kuti sakuzitsutsa chifukwa chomwa. Akuzitsutsa chifukwa cha zimene zasiyira anzawo. Mwini mgodi amamwa madzi a m'botolo ku Lilongwe; wotunga pachitsime m'bandakucha ndi inu ndi ife.

Malamulo alipo, ndipo ndi athu. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti mgodi usanayambe pachitike kafukufuku wa mmene udzakhudzire malo ndi anthu, ndipo anthu a m'deralo afunsidwe. Lamulo la madzi la 2013 silola kutaya madzi oipa mumtsinje popanda chilolezo. Vuto n'loti pamisonkhano yotere ife timakhala kumbuyo pamphasa, kapena kukhitchini kuphikira alendo, abambo n'kumakambirana za chipukuta misozi cha minda. Za chitsime palibe amene amafunsa.

Nthambi iliyonse ya Mothers' Union isankhe amayi awiri okhala kutsogolo pamisonkhano ya kwa amfumu. Akafunse kuti madzi otsukira adzatayidwa kuti, damu lidzamangidwa patali bwanji ndi mjigo, ndani adzayeza madzi ntchito isanayambe, ndipo zotsatira zake adzatiwerengera m'Chichewa ndi m'Chiyao kodi? Tilembe m'kabuku tsiku limene madzi asintha mtundu kapena fungo, ndi tsiku limene taona nsomba zakufa, tikapereke kwa alangizi a zaumoyo ndi ku ofesi ya madzi ku boma. Popita kumeneko titengane ndi amayi anzathu achisilamu, pakuti mjigo timapopa ndi umodzi.