Nyama ya pa Thabwa

Mu Januwale 2018, khoti la ku Birmingham, ku England, linalamula malo ena odyera kuti alipire chindapusa cha mapaundi 50,000. Eni ake ankaperekera chakudya pa matabwa m'malo mwa mbale, ndipo a zaumoyo a khonsolo ya mzindawo anapeza kuti matabwawo sakanathekanso kutsukika. Anawachenjeza, iwo osamva.

Wina atha kuthamangira kunena kuti mtengo ndi wauve. Koma ife tinakulira mthiko, chipande ndi mtondo, ndipo sizinatiphe. Ngakhale katswiri wina wa pa yunivesite ya Wisconsin, Dean Cliver, atafufuza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anapeza kuti tizilombo tikagwera pa thabwa timamira m'kati, ndipo tambiri timafera momwemo thabwalo likauma, pomwe pulasitiki yochekekachekeka ndi mpeni imavuta kuyeretsa.

Nkhani yagona pa kuumapo. Mthiko wa amayi umalowa m'phala lobwadamuka, umatsukidwa, n'kukagona pa thandala dzuwa lili phwee mpaka madzulo. Amene amautsuka adyanso nsima yomweyo, iye ndi ana ake. Thabwa la m'lesitilanti lilibe mwayi umenewo. Wina wadyerapo, mpeni wake wasiya timizere, msuzi ndi mafuta zalowa m'ming'alu. Alipukuta msangamsanga, likadali lonyowa alitengera kwa wina. Makina otsukira mbale sagwirizana nalo, chifukwa madzi otentha amaling'amba. Mtengo umafuna nthawi, ndipo nthawiyo ndi imene malo a malonda alibe.

Nanga thabwalo amaliikiranji? Kuti maso adye kaye. Thabwa limakumbutsa za kumudzi, za moto wa nkhuni, za chakudya chophikidwa mosathamanga. Apa ndi pamene pamandiwawa: akutigulitsa maonekedwe a chisamaliro, chisamalirocho atachisiya. Wodya salowa m'khitchini, sadziwa dzanja limene latsuka. Amangokhulupirira, monga timakhulupirira dalaivala wa basi ya usiku, ndipo chikhulupiriro chimenecho n'chimene amalipira kuposa nyamayo.

Lamulo la ku Britain sililetsa matabwa, limangofuna kuti choperekera chakudya chikhale chotsukika. Inenso sindikuwakana. Koma akakubweretserani nyama pa thabwa long'aluka, lakuda m'mizere, musachite manyazi. Pemphani mbale.